Fomu tadzazayi ikupita kuti? Ntchito ya mapepala ofunsa za moyo wathu

Lachiwiri lina m'mawa, pakhonde la ofesi ina pa boma la Dedza, ndinakhala benchi limodzi ndi mayi wachikulire wochokera cha ku Linthipe. Anamasula mfundo ya chitenje nkutulutsa kajumbo ka shuga kopindapinda. M'katimo munali chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala lofiirira ndi utsi, khadi la ubatizo ndi kalata ya amfumu yachidindo. Anaziyala pamiyendo, kenaka nkundipatsira fomu ndi cholembera.

"Mwanangu, tandilembera apa. Koma uyambe wandiuza, zonsezi akuzifuniranji? Dzana ndinalemba kuchipatala, chaka chatha ndinalemba za fetereza, lero akufunanso dzina la mayi anga amene anatisiya kalekale."

Funso limeneli lili m'kamwa mwa anthu ambiri, kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Tsangano. Masiku ano munthu sugula simu khadi, sutsekula akaunti, sulembetsa mwana mayeso, sulowa m'ndandanda wa thandizo popanda kuyankha mafunso papepala kapena pafoni ya kalaliki. Ena amadzaza mosaganizira, ena amathawa poopa kuti pali chobisika. Onsewa akusowa chinthu chimodzi, kudziwa kuti kabokosi kalikonse pafomu kali ndi ntchito yanji, ndipo zomwe talembazo zikakhala m'manja mwa ndani.

Fomu, kaundula ndi nkhokwe

Fomu ndi pepala la mafunso okonzeratu, ofanana kwa aliyense, kuti wofunsayo apeze zomwe akufuna popanda kumvetsera mbiri yonse ya munthu. Tiifanizire ndi nkhoswe. Pa nkhani za ukwati mwini wake sayankhula yekha, amatuma munthu kuti akamunenere kumene iye sangafike. Fomunso imatero. Inu mumabwerera kwanu ku Bembeke, koma pepalalo limapitirira ulendo, kukakuyankhulirani pamaso pa munthu wa ku Lilongwe amene sanakuonenipo ndipo mwina sadzakuonani. Kusiyana kwake nkwakuti nkhoswe ikalakwitsa mawu imatha kubwereza, pomwe pepala limangonena zomwe linalembedwa, zoona kapena zolakwika, chaka ndi chaka.

Mafomu a anthu ambiri akasonkhanitsidwa nkukopedwa pamalo amodzi, munthu aliyense mzere wake, chimenecho ndi kaundula. Buku la amfumu la anthu a m'mudzi ndi kaundula, lejisitala ya aphunzitsi ndi kaundula, ngakhale buku la mlembi wa banki mkhonde. Kaundula akalowa m'kompyuta, moti munthu angathe kufufuza dzina limodzi pakati pa mamiliyoni m'kuphethira kwa diso, ndiye chomwe akatswiri amati database. Ife tingoti nkhokwe. Fomu ndi dengu lotutira, nkhokwe ndi kumene chimanga chonse chikukathera. Nkhani zambiri zomwe timamva pa wailesi zokhudza chinsinsi cha anthu zimakhala za nkhokweyo: ali ndi makiyi ndani, akutapamo ndani, nanga yabooka kapena ayi.

Chifukwa chake akuluakulu ena amachita nayo mantha

Mantha a mapepala sanangobwera. Kulemba maina kunafika m'midzi mwathu limodzi ndi msonkho wa nyumba womwe boma la atsamunda linayambitsa m'zaka za m'ma 1890. Kulembedwa kunkatanthauza kulipira, ndipo wopanda chiphaso cha msonkho ankasakidwa. Amuna opita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankalembedwa, kuyezedwa ndi kudindidwa zala asanakwere ulendo. M'nthawi ya chipani chimodzi, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika ndi pokwerera basi. Gogo amene anaona zimenezi akamafunsa kawiri asanatchule dzina la mwana wake, sikuti ndi umbuli. Akukumbukira.

Chodabwitsa nchakuti pa zaka zonsezo boma silinkalemba kubadwa kwa Amalawi wamba ambiri. Lamulo lakale la 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a anthu osakhala Aafirika okha. Enafe umboni wathu unali khadi la ubatizo, khadi la sikelo kapena mawu a amfumu. Zinthu zinasintha ndi lamulo la National Registration Act la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kuyambira pamenepo mwana aliyense ayenera kulembetsedwa pasanathe masabata asanu ndi limodzi chibadwire. Fomu yake ndi NR8. Kenaka mu 2017, kuyambira Meyi mpaka Novembala, bungwe la National Registration Bureau, lomwe tonse timangoti NRB, linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, pogwiritsa ntchito fomu ya NR1, chithunzi ndi zidindo za zala. Chiphaso cha unzika chinabadwa motero, ndipo lero ndicho chimene mafomu ena onse amatsamira.

Dzina, ndi mavuto ake

Mzere woyamba pa fomu iliyonse ndi wa dzina, ndipo ndi umene umapweteka anthu ambiri kuposa mizere ina yonse. Fomu imaganiza kuti munthu ali ndi dzina loyamba limodzi ndi dzina la bambo limodzi, kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Kwathu kuno sizili choncho. Mwana amabadwa ndi dzina la agogo, akabatizidwa amalandira lina, akalowa chinamwali ena amamusinthanso. Mayi akakula timamuitana ndi mfunda wake, Nabanda, Naphiri, Nangozo, kapena ndi dzina la mwana wake woyamba. Mwana wokulira kwa amalume amakalembetsa sukulu ndi dzina la amalumewo, osati chifukwa chonama, koma chifukwa m'dera la chikamwini mwini mbumba ndi amene amamuyang'anira. Munthu mmodzi yemweyo, maina anayi, onse oona.

Onjezanipo kalembedwe. M'Chichewa l ndi r zimasinthana popanda kusokoneza aliyense, h ena amaika ena saika. Khutu lathu silimva kusiyana, koma kompyuta imaona anthu awiri. Azakhali anga anayenda maulendo atatu kupita ku ofesi ina chifukwa cha chilembo chimodzi chomwe chinali pa chiphaso koma sichinali pa pepala lakale. Ulendo uliwonse unali wa kabaza, minibasi ndi tsiku lathunthu losalima. Wolakwa panalibe kwenikweni: kalaliki wa zaka zapitazo analemba momwe anamvera, wa lero anangotsatira zomwe makina akumuonetsa.

Nchifukwa chake pali nambala. Aliyense amene anapakirapo mbatatesi ku Lizulu kapena ku Tsangano akudziwa kuti matumba akakwera lole amafanana onse, ndipo mwini wake amalizindikira lake ndi chilembo chomwe anajambula ndi makala kapena penti. Nambala ya pa chiphaso cha unzika ndi chilembo chimenecho. A Banda ndi ambiri m'boma la Dedza lokha, ofanana ndi dzina loyamba lomwe, koma nambala ndi ya munthu mmodzi. Ndiye langizo langa pano ndi losavuta: pa fomu iliyonse koperani dzina chilembo ndi chilembo momwe lilili pa chiphaso, ngakhale mukuona kuti pachiphasopo analakwitsa. Cholakwikacho chimakonzedwa kwa a NRB, osati pa fomu ya kubanki. Makolo a ana a Sitandade 8 achite tcheru kwambiri, pakuti dzina lolembedwa pa mayeso a MANEB limayenda ndi mwana mpaka pofunsira ntchito.

Tsiku lobadwa lili ndi nkhani yakeyake. Akuluakulu ambiri amadziwa kuti anabadwa chaka cha njala ya 1949, kapena nthawi yokolola, dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Fomu imafuna tsiku, mwezi ndi chaka, choncho wolemba amayerekeza. Kuyerekezako kukangolowa m'nkhokwe kumasanduka choonadi cha boma, ndipo ndi komwe kudzagamule tsiku lopuma pantchito kapena ngati munthu wafika msinkhu wolandira thandizo la okalamba. Kuchepetsa kapena kuonjezera zaka mwadala kuti zinthu ziyende lero kumadzabwerera mwini wake nthawi ina, mapepala akadzayamba kutsutsana.

Mudzi, mfumu ndi malire

Mafomu a kuno safunsa nambala ya nyumba ndi dzina la msewu ngati a maiko ena. Amafunsa mudzi, gulupu, mfumu yaikulu ndi boma. Munthu amalemba kuti ndi wa kwa Kachindamoto, kwa Kaphuka kapena kwa Kachere, wa ku Ntcheu nkulemba Njolomole, Ganya kapena Kwataine. Imeneyi ndiyo adiresi yathu, ndipo imagwiranso ntchito ya umboni, chifukwa amfumu angathe kufunsidwa ngati akukudziwani. Mafomu ambiri amasiyanitsa kumene mukukhala ndi kwanu kochokera. Mwamuna wa ku Ntcheu wokhala chikamwini ku Dedza ayenera kuyankha mizere iwiriyi mosiyana, osati kubwereza yankho limodzi.

M'maboma athu awiriwa funso la kwanu limalemera kuposa kwina. Pali malo pa msewu wa M1 pomwe mbali imodzi ndi Malawi, mbali ina Mozambique. Mabanja a ku Angonia ndi a kuno ndi amodzi, chiyankhulo chimodzi, misika imodzi, ena munda uli uko nyumba ili kuno. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, Malawi anasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ambiri ndithu mwa iwo m'maboma a m'malire ngati athuwa, ndipo ena anakwatira nkukhazikika. Ndiye pamene fomu ya unzika ikufunsa dzina la mayi, la bambo ndi kumene anachokera, monga inawafunsira mayi a ku Linthipe aja, cholinga chake nkutsimikiza unzika, chifukwa unzika wobadwa nawo umadzera mwa makolo. Boma lili ndi chifukwa chomveka chofunira kudziwa nzika zake. Mdzukulu wobadwira kuno amene agogo ake anachokera kutsidya alinso ndi chifukwa chomveka chodandaulira akamabwezedwa kuti akabweretse umboni womwe sunalembedwepo.

Kuwerengedwa ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri

Apa ndi pomwe pamabuka mikangano yambiri m'midzi. Anthu obvala mabaji akafika ndi matabuleti nkumafunsa za denga, za mbuzi ndi za chakudya, aliyense amaganiza kuti thandizo lili m'njira. Koma mafomu a mtundu umenewu ali pawiri.

Oyamba ndi owerengera. Kalembera wa anthu ndi nyumba amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita ndi wotere. Woyamba chilandirire ufulu anachitika mu 1966, ndipo wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko lonse, oposa 830,000 ku Dedza ndi pafupifupi 660,000 ku Ntcheu. Kalemberayu safuna inu ngati inu. Mayankho anu amasakanizidwa ndi a anzanu nkutuluka ngati chiwerengero, kuti zidziwike kuti dera lakuti likufunika makalasi angati kapena chipatala chachikulu bwanji. Zili ngati kuyeza ufa pa maliro: ophika safuna kudziwa kuti wadya ndani, akufuna kudziwa kuti miphika ikhale ingati.

Achiwiri ndi osankhira. Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa ovutika yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imafuna maina enieni a mabanja osaukitsitsa ndi opanda wogwira ntchito. Kale pulogalamu iliyonse inkadzilembera yokha, mudzi umodzi nkulembedwa kangapo. Pofuna kuthetsa zimenezi boma linakonza kaundula mmodzi wotchedwa Unified Beneficiary Registry, mwachidule UBR, ndipo Dedza linali limodzi mwa maboma oyambirira kumuyesa. Mafunso a denga, ziweto ndi katundu wa m'nyumba amathandiza kuika mabanja pa mndandanda kuyambira ovutikitsitsa. Kulowa mu UBR sikulonjezedwa thandizo, ndi kungodziwika. Mapulogalamu ndi amene amadzatapamo malinga ndi ndalama zomwe ali nazo. Amfumu ambiri anyozedwapo chifukwa anthu sanafotokozeredwe kusiyana kumeneku pa tsiku lolemba.

Pa zipangizo zaulimi zotsika mtengo nkhani inasinthanso. Kuchokera mu 2005 umboni unali kuponi ya pepala. Mu 2020, pulogalamu ya AIP itayamba, chiphaso cha unzika ndicho chinakhala kuponi. Oiyamikira amati maina a anthu oti kulibe anachepa. Oidandaula amakumbutsa za mizere yodikira netiweki ndi za mavenda ogula ziphaso kwa alimi osowa ndalama. Zonse ziwiri anthu a kuno anaziona ndi maso awo.

Kuchipatala, kubanki ndi kwa ejenti

Buku la kuchipatala ndi fomu yomwe imasungidwa ndi mwini wake. Dokotala wa lero amawerengamo zomwe mnzake anapeza mwezi watha, mankhwala omwe anakupatsani ndi omwe thupi lanu linakana. Kubwerekana bukuli kapena kugula latsopano pofuna kubisa zakale nkudzichotsera wekha chitetezo. Za m'bukumo ndi zachinsinsi, ndipo bwana wa ntchito kapena mnansi alibe gawo loziwerenga.

Kubanki amafunsa ntchito yanu ndi kumene ndalama zimachokera chifukwa malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zakuba, monga Financial Crimes Act ya 2017, amawakakamiza kudziwa kasitomala wawo. Kulembetsa simu khadi, komwe bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, linalimbikitsa mu 2018, cholinga chake nchofanana: nambala iliyonse ikhale ndi mwini wodziwika. Pachifukwa chimenechi, kulola munthu wina kulembetsa nambala ndi chiphaso chanu nkuvomera kuti mlandu uliwonse wochitika pa nambalayo uyambire pakhomo panu. Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe fomu yoona siifunsa, nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya kubanki. Woimba foni nkuti akukonza kaundula wa Mtukula Pakhomo ndiye mumuuze nambalayo, ameneyo ndi wakuba.

Mzere wa wachibale

Pafupifupi fomu iliyonse ya ntchito, ya banki kapena ya chipatala ili ndi malo olembapo wachibale wapafupi. Ambiri amaganiza kuti amene alembedwa pamenepo ndiye adzatenge chuma. Nthawi zambiri sizili choncho: ameneyo ndi munthu woti adziwitsidwe mukadwala kapena mukasowa. Chuma cha masiye chimagawidwa motsatira wilo, ndipo ngati palibe wilo, motsatira lamulo la 2011 la chuma cha masiye, lomwe limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena odalira malemuyo, komanso limaletsa kulanda katundu. Fomu ya penshoni yosankhirapo odzalandira ndalama ndi ina, ndipo imeneyo ili ndi mphamvu yeniyeni. Mwamuna amene analemba mlongo wake asanakwatire nkuiwala kukasintha amasiyira ana ake ndi abale ake mkangano woti akanautha ndi cholembera. Kuno kumene mbumba ndi banja zimakokerana munthu mmodzi, mzere umenewu ndi wofunika kuuganizira mofatsa.

Kusayina, ndi lamulo latsopano

Siginecha kapena chidindo cha chala pansi pa fomu chimanena zinthu ziwiri, kuti zomwe zalembedwazo nzoona, ndi kuti mwalola zigwiritsidwe ntchito. Wosadziwa kuwerenga ali ndi ufulu woti amuwerengere zonse asanadinde, ndipo pepala lopanda kanthu silisayinidwa, ngakhale wokupemphaniyo ndi wodziwika.

Chilolezo chimenechi chili ndi malire. Mnzanu akabwereka khasu kuti akapalire, sanapatsidwe ufulu wokaligulitsa pa msika. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limateteza chinsinsi cha munthu, koma kwa zaka zambiri panalibe lamulo lapadera lofotokoza momwe mabungwe azisungira zomwe atifunsa. Lamulo la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo udindo woliyang'anira unapatsidwa kwa MACRA. Mfundo zake zikuluzikulu nzomveka kwa aliyense: wofunsa anene chifukwa chake, afunse zokhazo zofunika pa ntchitoyo, azisunge motetezeka, asazigwiritse ntchito ina yosagwirizana ndi yoyambayo. Mwini wake angathe kupempha kuona zomwe zinalembedwa za iye ndi kuti zolakwika zikonzedwe. Za umoyo, zidindo za zala ndi zina zotere zimafuna chisamaliro choposa.

Kuti nkhokwe za makompyuta zingathe kuvuta tinaziona kumayambiriro kwa 2024, pomwe kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka anasokonezedwa ndi akuba a pa intaneti. Komabe kutayika kwa chinsinsi komwe ndimakuona kawirikawiri nkwa pafupi: mafotokope a ziphaso ounjikidwa m'katoni pansi pa tebulo, ndandanda wa maina ndi manambala a foni wozungulira m'magulu a WhatsApp, pepala la ofesi lokulungira zitumbuwa.

Zomwe sizinayankhidwe

Chiphaso chimodzi tsopano chikutsekula zitseko zambiri: banki, foni, fetereza, ngakhale kulembetsa mavoti, monga zinalili pokonzekera chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Ena akuti zimenezi zimatseka mipata ya chinyengo, ena akuti amene chiphaso chake chachedwa, chatayika kapena chatha nthawi amatsekeredwa zitseko zonse pakamodzi. Kodi pakhale njira yanji yachiwiri kwa munthu wotere, yoti isatsekulenso khomo la chinyengo chomwe tikuthawacho?

Nkhokwe za maofesi osiyanasiyana zikamalumikizana, gogo sadzafunsidwanso dzina la mayi ake kasanu. Koma malire akhale pati, kuti zomwe munauza namwino zisakafike kwa wobwereketsa ndalama? Ndipo chilolezo cha munthu wanjala, amene akudziwa kuti akakana kudinda chala dzina lake silikwera, tingachiwerenge kuti wapereka mwaufulu?

Pali funso la chiyankhulo. Mafomu ambiri a banki, a ngongole ndi a ntchito akadali m'Chingerezi, pomwe odzaza ake amaganiza m'Chichewa ndipo amadalira mdzukulu kapena mlendo wa pabenchi. Wolemba akalakwitsa, mlandu ndi wa ndani? Palinso funso la mtunda: lamulo likupereka ufulu wokonzetsa cholakwika ndi wodandaula, koma mlimi wa ku Kasinje kapena ku Mayani akadandaula kuti, kwa ndani, pa mtengo wanji? Za mabuku a amfumu, a mipingo ndi a magulu a banki mkhonde, omwe amasunga zambiri za anthu popanda loko kapena kompyuta, sizikudziwika bwino kuti lamulo latsopanoli lidzawafikira motani, ndiponso ndani adzapite kukawaphunzitsa alembi ake.